Kubwerera ku Malawi ndi ana a sukulu: mafunso ndi mayankho posankha dera lokhala

Banja likaganiza zochoka ku Joni, ku Mangalande, ku Ireland kapena ku America n'kubwerera kuno kumudzi, za katundu ndi za ntchito zimakambidwa msanga. Yovuta ndi ya ana. Mwana wa zaka 8 kapena 15 ayenera kudzalowa m'kalasi yachilendo Lolemba lina m'mawa, ndipo komwe makolo apeza nyumba n'kumene kudzanene ngati azidzuka 4 koloko kapena 6 koloko kwa zaka zingapo zikubwerazo. Mafunso otsatirawa ndi amene makolo amakonda kufunsa akadali kunja. Mayankho atsamira pa Lilongwe ndi Blantyre chifukwa n'kumene ambiri amafikira.

Tiyambe ndi chiyani, kupeza nyumba kapena kupeza sukulu?

Yambani ndi sukulu. Amene mwakhala ku England mwazolowera kuti adilesi ndiyo imapezetsa mwana malo: khonsolo imayeza mtunda kuchoka pakhomo panu kukafika kusukulu, ndipo anthu amalolera lendi yokwera kuti angokhala mumsewu woyandikira sukulu yotchuka. Ku Gauteng nakonso adilesi imawerengedwa polembetsa Giredi 1 ndi Giredi 8. Kuno sizili choncho. Sukulu zomwe si za boma sizilabadira kuti mumakhala kuti. Zimaona ngati m'kalasimo muli malo, ngati mwana wakhoza mayeso olowera, komanso ngati fizi muikwanitsa. Mutha kukhala moyang'anizana ndi geti la sukulu, mwana wanu n'kukhalabe pamndandanda wodikira chaka chathunthu.

Ntchito ya dera kuno ndi msewu. Malo a mwana akatsimikizika, kalata ili m'manja, m'pamene muyambe kusaka nyumba yomwe ingamufikitse pasukulupo asanatope.

Pali pamodzi pokha pomwe dera limakhudza kusankhidwa. Mwana wolemba Sitandade 8 pasukulu ya boma akasankhidwa kupita ku sekondale yoyendera, ija ya CDSS, amatumizidwa ku ina ya m'dera lomwelo. Ngati njira yanu ndi imeneyi, onaninso masekondale ozungulira pulayimale imene mwaikondayo.

Mwana alowe maphunziro a MANEB kapena apitirize ndi akunja?

Ili ndiye funso lalikulu, ndipo yankho lake limadalira msinkhu wa mwana kuposa china chilichonse.

Dongosolo lathu ndi zaka 8 za pulayimale ndi zaka 4 za sekondale. Mwana amayamba Sitandade 1 ali ndi zaka 6, amalemba PSLCE mu Sitandade 8, JCE mu Fomu 2 ndi MSCE mu Fomu 4. Mayeso onsewa amayendetsa ndi a MANEB ku Zomba. Mbali inayi kuli sukulu zotsata Cambridge, komwe ana amalemba IGCSE kenako A Level, monga Saint Andrew's ku Blantyre ndi Kamuzu Academy ku Mtunthama. Bishop Mackenzie ku Lilongwe imatsata International Baccalaureate, pomwe ABC Christian Academy imatsamira ku kaphunzitsidwe ka ku America. Zaka zaposachedwapa zabukanso sukulu zambiri zing'onozing'ono m'matauni zomwe zimaphunzitsa Cambridge, zina zikuphatikiza ndi silabasi yathu.

Mwana ali ngati mbande ya fodya, ikawokeredwa ikadali yaing'ono imagwira msanga. Wosakwana zaka 9 angathe kulowa sukulu yabwino ya silabasi ya kuno ndipo pakutha chaka amakhala atazolowera. Wa zaka 11 mpaka 13 m'pofunika kuganiza mofatsa. Ku England mwana wa zaka 11 ali kale ku sekondale, pomwe kuno anzake a msinkhu umenewo ali mu Sitandade 6. Kumuuza kuti abwerere ku pulayimale kumamupweteka mumtima ngakhale atapanda kunena, ndipo PSLCE ili ndi pepala la Chichewa lomwe silimusiya mwana wongodziwa kupereka moni.

Wa zaka 14 kupita m'tsogolo ndiye musamusinthe njira pokhapokha mutasowa chochita. Mwana amene ali pakati pa Year 10 ndi Year 11 wayenda kale theka la GCSE. IGCSE ya Cambridge imafanana nayo, koma mabuku a Chingerezi, mitu ya mbiri yakale ndi kafunsidwe ka mayeso zimasiyana ndi za mabungwe a mayeso a ku England monga AQA kapena OCR, choncho ambiri amabwereza chaka. N'chimodzimodzi wa Giredi 11 ku Joni yemwe watsala pang'ono kulemba matiriki. Ngati n'kotheka kuchedwetsa ulendo kuti amalize kaye, chedwetsani. Mabanja ena amagawikana kwa chaka chimodzi, kholo limodzi n'kutsala ndi wamkuluyo. N'zowawa, koma kawirikawiri zimapepuka poyerekeza ndi kumuona mwana wanzeru akulephera mayeso omwe sanawakonzekere.

Ganiziraninso komwe mukufuna adzaphunzire akamaliza. Mayunivesite a boma kuno, monga UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MUST ndi Mzuni, amalandira MSCE komanso IGCSE kudzera m'kusankha komwe kumayendetsedwa ndi bungwe loona za maphunziro apamwamba la NCHE. Koma ngati maso ali ku yunivesite ya ku UK, dziwani kuti fizi yotsika ya ophunzira a konko imafuna kuti munthu akhale atakhala m'dzikomo zaka 3 asanayambe maphunziro. Pasipoti yokha sikwanira. Funsani bwino za lamuloli musanagule matikiti.

Tifike mwezi uti?

Chaka cha sukulu kuno chimayamba mu September, kapena kumapeto kwa August kusukulu zina za akunja, ndipo chimatha cha mu June kapena July. Ochokera ku UK zimawagwera bwino: fikani mu July. Ochokera ku South Africa, Zimbabwe ndi Zambia, komwe chaka chimayamba mu January, ayenera kusankha pakati pa kulowa teremu yachiwiri kapena kumuchotsa mwana pakati pa chaka cha kumeneko. Kwa aang'ono kulowa mu January sikuvuta. Kwa wa kalasi ya mayeso kumavuta, chifukwa kulembetsa mayeso kumachitika miyezi yambiri mayesowo asanafike.

Ku Lilongwe madera ake ndi ati?

Choyamba, manambala a madera asakupusitseni. Area 9 siyandikana ndi Area 10, ndipo kuchoka ku Area 43 kupita ku Area 47 ndi ulendo wodutsa tauni. Amene anachoka kale asadalirenso mapu a m'mutu, chifukwa misewu ngati Kenyatta Drive ndi Mzimba Street yakulitsidwa, pa Area 18 panamangidwa msewu wodutsa pamwamba, ndipo kumene kunali minda ya chimanga tsopano kuli mipanda.

Bishop Mackenzie ili ku Area 3, choncho Area 3 ndi Area 9, kufupi ndi Old Town, ndiwo madera oyandikira. ABC ili ku Area 47, dera lalikulu logawidwa m'masekitala lomwe mabanja ambiri obwerera amalikonda chifukwa lili pakatikati, Gateway Mall ili pafupi, ndipo sukulu za mkaka ndi za pulayimale zilimo zambiri. Area 10, 11, 12 ndi 43 ndi madera a mipanda ikuluikulu kufupi ndi Capital Hill ndi City Centre. Ndi abata komanso a mitengo yambiri, koma lendi yake ndi yokwera, mwina yotchulidwa m'madola, ndipo mwana wophunzira ku Area 3 amadutsa mzinda wonse m'mawa uliwonse. Area 14, 15 ndi 18 ali pakati, ndipo ndi abwino kwa banja lomwe bambo amagwira ntchito mbali ina, mayi mbali ina.

Area 25 ndi Area 49 n'kumene kumakhala anthu ambiri apantchito. Lendi ndi yofikirika, sukulu za pulaiveti za mitengo yosiyanasiyana zilipo, ndipo ana amapeza anzawo osewera nawo kunja kwa mpanda, chinthu chomwe mwana wobwera kumene amachisowa kwambiri. Kwa banja lomwe lasankha silabasi ya kuno, ine ndikadayamba kuyang'ana kumeneku ndi ku 47 ndisanaganize za 10 kapena 43. Tsidya linalo la mtsinje wa Lilongwe kuli Kawale, Biwi, Area 23 ndi Area 36. Kukhala kumeneko sukulu ili tsidya lino ndiye kuti m'mawa uliwonse mukulimbana ndi kuthithikana kwa galimoto kwa ku Old Town.

Nyumba ikakhala pafupi ndi mtsinje wa Lingadzi, mbali zina za 47 ndi 49, funsani anthu oyandikana nayo kuti madzi amafika pati mvula ikachuluka. Mtsinjewu unasefukirapo m'nyumba za anthu.

Nanga ku Blantyre?

Blantyre ndi yaing'ono poyerekeza ndi Lilongwe, koma mapiri amachititsa kuti galimoto zonse zithire m'misewu yochepa yomweyo, makamaka Masauko Chipembere Highway yolumikiza Blantyre ndi Limbe. Sekondale ya Saint Andrew's ili ku Nyambadwe pomwe pulayimale ya dzina lomwelo ili ku Sunnyside, choncho banja la ana awiri a misinkhu yosiyana limayenda maulendo awiri. Namiwawa, Sunnyside, Mandala, Mount Pleasant ndi Nyambadwe ndiwo madera oyandikira pakati pa mzinda. Kanjedza, Chitawira, Nkolokosa, Chinyonga ndi Namiyango ndi a lendi yofewerapo. Chigumula ndi Bvumbwe, kunjira ya ku Thyolo, kuli malo otakasuka ndi mphepo yabwino, koma muyenera kudutsa mu Limbe. Chileka, Lunzu ndi Mpemba n'kumene ambiri agula mapuloti, ndipo ndi kutali.

Ku Blantyre funsani za madzi musanafunse za china. Ambiri mwa madzi a mzindawu amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pamtsinje wa Shire n'kukwezedwa mtunda wautali, choncho magetsi akavuta nawonso amavuta, ndipo madera okwera ndiwo amayamba kuuma. Onetsetsaninso pomwe nyumba yamangidwa. Zomwe namondwe wa Freddy anachita ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche mu March 2023 sitinaziiwale.

Tidziwa bwanji kuti mtunda wake ndi wopiririka?

Google Maps imakuuzani makilomita, koma siikuuzani za matope, za apolisi apamsewu, kapena za mzere wa galimoto pa raundabauti 7 koloko m'mawa. Pemphani m'bale wanu ayende ulendowo Lachiwiri kapena Lachitatu, sukulu zili zotsegula, kuyambira pakhomo la nyumbayo nthawi yomwe mwana azidzanyamuka, ndipo ayendenso masana nthawi yoweruka. Loweruka kapena pa holide musayese, mudzanamizika.

Funso lina lofunika kudzifunsa ndi ili: tsiku lomwe galimoto ilibe mafuta, mwana akafika bwanji? Zaka zapitazi mafuta akhala akusowa pafupipafupi, anthu n'kugona pamizere. Nyumba yabwino ndi yomwe basi ya sukulu imadutsa pafupi, kapena pomwe pali makolo ena a sukulu yomweyo oti muzisinthana nawo potenga ana. Kabaza wa njinga yamoto musamuike m'mapulani a mwana wamng'ono. Ngozi zake zachuluka, ndipo ambiri alibe chipewa cha wokwera.

Kwa mwana wa pulayimale, ulendo woposa mphindi 30 mbali imodzi ndimauona kuti wanyanya. Amafika kunyumba atatopa, homuweki ikumudikira, magetsi mwina atazima.

Tinamanga kale nyumba yathu kunja kwa tauni. Tisakhalemo?

Ambiri ali kunja anatumiza ndalama zaka zambiri n'kumanga ku Njewa, ku Airwing, ku Six Miles, ku Lumbadzi kapena ku Mpemba, ndipo mtima umafuna kukagona m'nyumba ya thukuta lawo tsiku loyamba. Zimenezi n'zomveka. Koma yesani kaye msewu wake m'nyengo ya mvula, kuyambira December mpaka March. Ngati ndi wafumbi ndipo sukulu ili kutali, palibe manyazi kuika munthu wa lendi m'nyumba yanuyo, inu n'kuchita lendi ina pafupi ndi sukulu kwa chaka chimodzi kapena ziwiri. Nyumbayo idzakudikirani. Achibale ena adzayankhula, koma sadzakhala iwo odzutsa mwana kusanache.

Za fizi tikonzekere bwanji?

Werengerani ndalama imene muzidzapeza muli kuno, osati imene mukulandira panopa. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo makolo omwe amalandira makwacha koma fizi ili yomangirira ku dola anaona zakuda. Ena anachotsa ana pakati pa chaka. Funsani ngati fizi imatchulidwa m'madola kapena m'makwacha, yakwera kangati zaka zitatu zapitazi, komanso ngati pali mtengo wosiyana wa Amalawi kapena wa okhoma msonkho kuno, chifukwa sukulu zina zili nawo. Pamwamba pa fizi pali ndalama yolembetsera, ya chitukuko, yunifolomu, basi, chakudya, ndi ya mayeso a Cambridge yomwe imalipidwa payokha pa phunziro lililonse.

Ndi bwino kusankha sukulu yapakati imene mungailipire mpaka mwana amalize, kusiyana ndi yapamwamba yoti mudzamuchotse pakatha materemu anayi. Mwana amene wangosamuka dziko asasamukenso kachiwiri chifukwa cha fizi. Mukapanikizika pakati pa lendi ndi fizi, tsitsani lendi.

Tili kutali, tizindikira bwanji sukulu yabwino?

Kuno kulibe malipoti a oyendera sukulu omwe kholo lingawerenge pa intaneti ngati a Ofsted, ndipo mawu oti International kapena Academy pachikwangwani aliyense angathe kulemba. Zithunzi za pa Facebook zimaonetsa penti. Safunsa anadya phula, choncho funsani, ndipo funsani zinthu zoti munthu sangazembe.

Sukuluyo inalembetsedwa ku Unduna wa Zamaphunziro? Ili ndi nambala yakeyake ya malo olembera mayeso a MANEB kapena a Cambridge, kapena ana amakalembera kwina? Chaka chatha analemba ana angati, ndipo anakhoza angati? Funso limeneli ndi lofunika, chifukwa sukulu ikhoza kulengeza mwana mmodzi wa mapointi 8 osatchula ena onse, kapena kusiya ofooka kuti akalembe ngati oyimira pawokha. M'kalasi mumakhala ana angati? Aphunzitsi omwe alipo chaka chino, ndi angati analipo zaka zitatu zapitazo? Pomwe aphunzitsi amangosinthasintha, kawirikawiri malipiro awo sakuyenda bwino, ndipo ana ndiwo amavutika. Mwana akalakwa amalangidwa bwanji? Funsani mosabisa ngati ndodo imagwira ntchito, chifukwa mwana wokulira kunja akamenyedwa kamodzi sukulu yonse imamuipira.

Wopita kukakuonerani apemphe kuona zimbudzi, laibulale, labotale ndi makope a ana, osangothera muofesi ya ahedi. Akaimenso pageti nthawi yoweruka n'kucheza ndi makolo awiri kapena atatu. Kumeneko n'kumene zoona zimamveka.

Sukulu za boma za pulayimale ndi zaulere kuyambira 1994, ndipo muli aphunzitsi ena odzipereka kwambiri. Vuto ndi kuchuluka kwa ana. M'tauni kalasi ya ana oposa 100 si yachilendo, ndipo mwana wozolowera kalasi ya ana 30 amasowa pogwira.

Ana athu sayankhula Chichewa. Zidzawavuta?

M'kalasi ya sukulu ya pulaiveti ayi, chifukwa zambiri zimaphunzitsa m'Chingerezi kuyambira ku mkaka. Kusukulu za boma makalasi oyambirira amadalira kwambiri Chichewa. Koma chovuta chenicheni chili pabwalo la masewero, kutchalitchi, kumaliro ndi kwa agogo. Mwana amene amachoka mumpanda, kulowa m'galimoto, kukalowa mumpanda wina, atha kukhala zaka zisanu ku Malawi akadali mlendo. Apa dera limathandiza kuposa mphunzitsi wa pati taimu. Komwe ana amasewera mpira kapena fulaye panja madzulo, wamng'ono amatola chiyankhulo m'miyezi yochepa. Adzasekedwa kayankhulidwe poyamba, ndipo muyenera kumukonzekeretsa zimenezo mwachikondi, koma zimatha. Yambani kumuyankhula Chichewa panyumba panopa, mukadali konko.

Bwanji tingomutumiza kusukulu yogonera konko?

Zimachotsadi nkhani ya dera, ndipo sukulu zogonera zodziwika bwino zilipo. Kamuzu Academy, yomwe inatsegulidwa mu 1981, ndi imodzi. Za mishoni monga Marist ku Dedza, Saint Mary's ku Zomba, Likuni, Ludzi ku Mchinji ndi Marymount ku Mzuzu zakhala ndi mbiri ya kukhoza bwino MSCE, ngakhale zambiri mwa izo zimalowedwa posankhidwa kapena polemba mayeso apadera. Komabe chaka choyamba sindikulimbikitsani. Mwana wataya anzake, nyumba yake ndi zakudya zomwe anazolowera, ndiye asatayenso makolo nthawi yomweyo. Pali ndi nkhani ya malungo. Mwana wobadwira kunja thupi lake silinakumanepo nawo, ndipo akatentha thupi usiku pamafunika munthu woti amuthamangitsire kuchipatala osadikira kuti kuche. Pachifukwa chomwechi, posankha nyumba onani kuti chipatala chili patali bwanji, ndipo aliyense azigona mu neti kuyambira usiku woyamba.

Mwana wathu amafuna chithandizo chapadera pophunzira. Tichite chiyani?

Apa musafulumire m'pang'ono pomwe. Chikalata cha EHCP cha ku England, chija chofotokoza chithandizo chomwe mwana ayenera kulandira, chilibe mphamvu kuno, ndipo akatswiri othandiza ana kuyankhula kapena ana a autism ndi ochepa, ambiri ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Aphunzitsi a ana olumala amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu, ndipo sukulu zina za boma zili ndi zipinda zapadera zothandizira ana oterewa. Kuli sukulu ya ana osamva ku Mua ndi ya ana osaona ku Chilanga ku Kasungu. Ku sukulu ya pulaiveti, tumizani malipoti onse a mwana musanalipire kalikonse, ndipo akuyankheni polemba kuti adzamuthandiza ndani, kangati pa sabata, pamtengo wanji. Kubisa vuto la mwana kuti apeze malo kumadzamupweteka iye yemwe. Kwa banja lotere, sukulu imeneyi ndiyo isankhe mzinda ndi dera, ngakhale ntchito ya makolo itakhala kutali.

Tingachite lendi nyumba tisanafike?

Samalani. Eni nyumba ambiri amafuna lendi ya miyezi itatu pakamodzi, ndipo pali akathyali odzitcha maejenti omwe amatumiza zithunzi za nyumba ya wina pa WhatsApp n'kulandira ndalama kwa anthu angapo. Musatumize ndalama m'bale wodalirika asanalowe m'nyumbamo, kukumana ndi mwini wake ndi kuona pangano lolemba. Atsegule mpopi, aone ngati pali thanki, afunse anansi kuti magetsi amazima bwanji komanso za chitetezo usiku. Njira yomwe imayenda bwino kwa ambiri ndi kufikira kwa abale kapena m'nyumba ya mwezi umodzi kapena iwiri, n'kumasaka yokhazikika muli pompano, mwana atayamba kale sukulu.

Titenge mapepala ati?

Malipoti a sukulu a zaka ziwiri zapitazo, kalata yochokera kwa mphunzitsi wamkulu yonena kalasi yomwe mwana wafika, satifiketi ya kubadwa, khadi la katemera, ndi masatifiketi a mayeso ngati analembapo. Kwa wa sekondale tenganinso mndandanda wa maphunziro ndi mitu yomwe wamaliza, kuti sukulu yatsopano idziwe poyambira. Zitengeni musananyamuke, chifukwa kuzilondola muli kuno kumatenga miyezi. Ngati mwana ali ndi pasipoti ya dziko lina, lamulo lathu tsopano limalola unzika wa mayiko awiri, koma pali ndondomeko yoti mutsate ku nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko. Funsani ku ofesi ya kazembe wa Malawi m'dziko lomwe mukukhalalo mukadali ndi nthawi, chifukwa sukulu zina zimafuna kuona chilolezo cha mwana chokhalira m'dziko muno asanayambe kuphunzira.